Kodi Mulungu Adali Kuti?

M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo kumwera kwa Malaŵi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Ansembe amene adatsogolera miyambo ya maliro masiku amenewo adakumana ndi funso limodzi, lonenedwa pakamwa kapena longooneka m'maso: kodi Mulungu adali kuti? Ofunsawo adali akhristu omwe aja timaŵaphunzitsa kuti Mulungu sataya anthu ake. Nkofunika tsono kuti ife eni ake tidziŵe chimene timatanthauza pophunzitsa zimenezi.

Thomas Aquinas Woyera, m'gawo loyamba la Summa Theologiae, pa funso la 8, akuyambira apa: palibe cholengedwa chimene chimadzipatsa chokha kukhalapo kwake. Chimachita kulandira, ndipo sichilandira kamodzi kokha monga mbiya imene woumba amaiumba, naiotcha, naigulitsa, iye n'kubwerera kwao. Chitsanzo chake ndi cha kuŵala: mlengalenga mumayera pa nthaŵi yokhayo imene dzuŵa likuŵala, ndipo likangoloŵa mdima umagwa. Chimodzimodzi cholengedwa chilipo pa nthaŵi yokhayo imene Mulungu akuchigwiriziza. Mulungu akadamchokeradi munthu wobvutika uja, munthuyo sakadatsala yekha ai, sakadakhalapo n'komwe.

Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo imatichotsera maganizo achibwana akuti Mulungu amabwera zinthu zikamayenda bwino, nachoka zikathina. Koma tisadzinamize kuti tayankha mai wa ku Chilobwe. Pajatu matope amene adakwirira ana ake naonso adalipo chifukwa cha Mulungu yemweyo. Makolo athu ankadziŵa bwino kusiyana kumeneku. Mvula ikakana, popita kukapereka nsembe ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona, sankakayika zoti Chauta alipo. Nkhaŵa yao idali yakuti waŵafulatira. Kunena kuti Mulungu alipo ndi nkhani ina, kunena kuti ali nafe ndi inanso, ndipo nzeru za munthu pazokha sizitha kutioloketsa kuchokera pa yoyamba kufika pa yachiŵiri.

Malembo Oyera amatioloketsa, koma mosayembekezeka. Abwenzi atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atamva za tsoka lake adabwera nakhala naye pansi masiku asanu ndi aŵiri, usana ndi usiku, osalankhula. Munthu wa kuno kwathu sasoŵa womtanthauzira zimenezi. Ndi zomwe timachita pa siwa: amai m'nyumba pambali pa mtembo, abambo panja mozungulira moto mpaka kucha. Palibe amene amaukitsa wakufayo, palibenso amene amalongosola chifukwa chake wafa, komabe woferedwa saiŵala amene adagona pakhomo pake, ndipo saiŵalanso amene sadabwere. Maliro n'kulirana. Abwenzi a Yobu adalakwa pamene adatsekula pakamwa nayamba kuteteza Mulungu pomsakira Yobu tchimo. M'mutu 42 Mulungu akukalipira iwowo, otetezawo, nayamikira Yobu amene adadandaula. Ndipo Yobuyo sadauzidwe chifukwa cha masautso ake. Chimene adalandira ndi Mulungu mwini wake, womlankhula m'kabvumvulu.

Komabe wokhala pa siwa, ngakhale akhale wachifundo chotani, si iye woferedwa. Kukacha amabwerera kwao. Apa ndi pamene chikhulupiriro chathu chikupitirira mwambo wathu. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Chalcedon, m'chaka cha 451, udatsimikiza kuti Yesu Khristu ndi mmodzi yemweyo, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni. Ndiye kuti amene adamva ludzu pa mtanda, amene Marko akuti adafuula ndi mau oyamba a Salimo 22 kudandaula kuti watayidwa, ndi Mwana wa Mulungu mwini wake. Mulungu sadangobwera kudzapepesa maliro. Adaloŵa mpaka m'malo a womwalirayo, namva ngakhale uŵisi wa kutayidwa kumene wobvutika amakuopa koposa. Taonaninso kuti dandaulo limenelo ndi pemphero: munthu sadandaulira amene kulibe.

Chotsatira chake n'chakuti kusamva Mulungu mumtima si umboni wakuti wachoka. Makalata a Mai Teresa a ku Calcutta, amene adasindikizidwa mu 2007, adaonetsa kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankapemphera mumdima, osamva chitonthozo, pamene manja ao ankasambitsa anthu ofera m'miseu. Ena adakhumudwa poŵerenga zimenezi. Ine ndikuona kuti makalatawo ndi mankhwala a ulaliki umene wafala masiku ano, wolonjeza kuti wokhulupirira sadwala ndipo sasauka. Ulaliki wotere umamsenzetsa wobvutika katundu wachiŵiri, wodzikayikira, monga adachitira Elifazi.

Abale anga a m'seminale, tsiku lidzafika lakuti mudzaitanidwe ku nyumba yotere musadakonzeke. Mudzakhala ndi chilakolako chonena msanga kuti ndi kufuna kwa Mulungu, poti chete amalemera. Dzigwireni. Sitidziŵa chifukwa chake Mulungu adalola phiri kugumukira nyumba iyi n'kusiya inayo, ndipo Eklezia sadatitume kukanena zimene sitidziŵa. Pali zina zoyenera kunenedwa mosabisa, monga umphaŵi umene umakankhira anthu kukamanga m'mphepete mwa mapiri odulidwa mitengo, koma malo ake si pa siwa. Pamenepo khalani pansi pa mphasa, mulole mai uja afunse funso lake mpaka alimalize, ndipo mukadzanyamula mkate ndi chikho pa Misa ya maliro, mutchule maina a ana ake mmodzimmodzi.