Zigoli 71 za Kinnah zautsa mapiri pachigwa ku Neno

Mukafuna kuona anthu akuiwala malonda awo, pitani pa Zalewa m'boma la Neno mukafunse funso limodzi lokha: kodi katswiri womwetsa zigoli woposa onse amene Malawi anabalapo ndani? Ogulitsa manachesi, a kachewere ndi a kabaza omwe amagawikana pomwepo, mpaka minibasi kudutsa osaiona.

Mkanganowu uli pakati pa madala ndi anyamata. Madala salola kumva dzina lina koma la Kinnah Phiri, yemwe ankamutcha kuti "Electric". Anyamata ati ayi, zimenezo ndi nthano za pamoto, iwo munthu wawo ndi Gabadinho Mhango basi.

Poyamba tione zimene zinalembedwa. Kinnah anasewerera timu ya dziko lino kuyambira 1973 mpaka 1981, ndipo pa masewero 117 anamwetsa zigoli 71. Palibe Mmalawi wina amene anayandikirako. Didier Drogba, yemwe anyamata a pa Zalewa amavala malaya a dzina lake, anagoletsera Ivory Coast zigoli 65. Samuel Eto'o wa ku Cameroon anathera pa 56. Koma Godfrey Chitalu wa ku Zambia, amene anafa pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993, anamuposa ndi zigoli 79.

Madala amaonjezeranso zikho. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa pakhomo pompano itagonjetsa Zambia 3-2. Chaka chotsatira, 1979, inakachitenganso ku Kenya itathibula eni nthaka 3-2. M'timu imeneyo, yomwe inkaphunzitsidwa ndi Ted Powell, kumbuyo kunali Jack Chamangwana, kutsogolo Kinnah wa Bata Bullets. Akafika pamenepa madala a Maule amachita kuimirira, ndipo ngakhale a Manoma amangovomera ndi mutu.

Koma anyamata nawo sayankhula zopanda mutu. Funso lawo ndi lakuti: zigoli zonsezo, angati a inu munazionapo ndi maso? Apa ndiye pali nkhani. Nthawi ya Kinnah dziko lino linalibe kanema. TVM inadzayamba mu 1999. Munthu wa ku Neno, komwe nthawi imeneyo kunali kusanakhale boma pakokha, mpira ankaumvera pa wailesi ya MBC, mudzi wonse kuunjikana pa wailesi imodzi, mabatire atayamba awayanika padzuwa. Amene anakwanitsa kukafika pa Kamuzu Stadium anali owerengeka. Ambiri amene akumuikira kumbuyo Kinnah lero zigoli zake anaziona ndi makutu.

Pomwe chigoli cha Gabadinho chili m'thumba mwa aliyense. Pa 25 January 2022, ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, mnyamatayu anaponya mzinga kuchokera kutali kwambiri, goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, n'kungoutola mu ukonde. Flames inagonja 2-1, koma chigolicho mpaka lero amaonetsana pafoni. M'mpikisano womwewo anali atamwetsa kale ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1. Ku South Africa nako, mu 2019/20 ali ku Orlando Pirates, anamwetsa zigoli 16 n'kugawana mphoto ya womwetsa zambiri ndi Peter Shalulile.

Mfundo ina ya anyamata imawawa ndithu: Kinnah sanasewerepo mu Africa Cup of Nations. Izi ndi zoona. Malawi inakafikako koyamba mu 1984, iye atachoka kale kupita ku Swaziland, komwe lero ndi Eswatini, kukasewerera Manzini Wanderers. Iwo ati zigoli zake zambiri zinali za masewero apaubale ndi a m'chigawo chino.

Madala akamva zimenezi amangoseka. Ati galu wamkota sakandira pachabe. Kodi amene anaibwezera Flames ku chikho cha Africa patatha zaka 26 anali ndani? Anali Kinnah yemweyo, ali kochi. Anatenga timu mu 2008, chaka chomwecho n'kugwetsa Egypt 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya mpira uli pafupi kutha. Mu January 2010 ku Angola anaswa Algeria 3-0, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Pamenepo anyamata amakhala kaye chete, chifukwa mpira umenewo ena a iwo anauonera okha m'nyumba za vidiyo ali ana.

Nanga wapambana ndani? Kwa ife, pa zigoli palibe mlandu: 71 ndi 71. Gabadinho anatipatsa chigoli chimene dziko lonse lapansi linaona, koma Kinnah anamwetsa chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo papita zaka zoposa 40 popanda womugwedeza.

Chodandaulitsa n'chakuti mwana wa ku Lisungwi kapena ku Ligowe akhoza kukuwerengerani zigoli za Ronaldo osaphonya, koma za Kinnah amazimvera pa mkangano wa pamsika. Vuto si la mwanayo. Inu a pamsika mumadziwa bwino kuti ngongole yosalembedwa m'kabuku imathera kukangana, ndipo mboni ikamwalira ndalama yapita. Mboni za Kinnah zikukalamba. Chamangwana anatisiya mu 2018. A FAM ndi a MBC akanachita bwino kufufuza matepi ndi zithunzi zimene zatsala, n'kujambula madalawa akadali ndi mpweya, asanapite ndi zigoli zonse 71 kumanda.

Pakadali pano pa Zalewa mlandu sunagamulidwe. Basi ya ku Mwanza ikaima, onse amathamangira pawindo ndi madengu awo. Ikangonyamuka, wina amayambanso: "Koma madala, Kinnah wanuyo akanamuchinya Bounou?"