Kardinala Nicholas wa ku Kues ndi Fanizo la Mkombero

Alipo makolo ambiri amene amadandaula kuti mwana akapita patali ndi sukulu, makamaka akazama pa masamu, amayamba kuzemba Misa, namati za Mulungu nzopanda umboni. Aliponso ena amene amalankhula za Mulungu monga ngati adamuyesa ndi mkono namudziwa yense. Onsewa ndifuna amve za wansembe wina wa ku Germany, katswiri wa masamu ndi wa nzeru zakuya, dzina lake Nicholas wa ku Kues, amene mabuku amamutchanso Cusanus.

Iyeyu adabadwa m'chaka cha 1401 m'mudzi wa Kues, m'mbali mwa mtsinje wa Mosel, ndipo bambo wake anali mwini mabwato a malonda. Adaphunzira ku Heidelberg, kenaka ku Padua, kumene adatsiriza maphunziro a malamulo a Eklezia mu 1423. Mu 1437 adatumidwa ku Constantinople pa ntchito yoyanjanitsa Akhristu a kum'mawa ndi Roma. Pobwerako, ali pakati pa nyanja, mudamfikira ganizo limene adalilemba m'buku lake la mu 1440, De docta ignorantia, ndiye kuti umbuli wa munthu wophunzira.

Tsono mvetsetsani fanizo lake. Mmisiri akafuna kumanga nyumba yozungulira, amakhoma chikhomo pansi, namangako chingwe, nalemba mkombero. Tengani mabango anayi owongoka, muwaike m'kati mwake kuti nsonga zake zikhudze mzere uja. Mudzaona mipata ikuluikulu pakati pa bango ndi mkombero. Ikani mabango aafupi asanu ndi atatu: mipata ichepa. Ikani tizidutswa 100, kapena 1,000: diso silidzaonanso mpata, koma masamu akuti ulipobe, pakuti chinthu chowongoka, chingafupike bwanji, sichisanduka chokhota. Nicholas adati nzeru za munthu zili ngati mabangowo, ndipo choona chenicheni, amene ali Mulungu mwini, ndicho mkombero. Timayandikira tsiku ndi tsiku, koma kulingana naye ayi.

Apa musandimve molakwa, abale anga. Iye sadanene kuti tileke kuphunzira poti sitidzafika. Mabango 1,000 ali pafupi ndi mkombero kupambana anayi aja, ndipo mpata wotsalawo amauzindikira ndi yekhayo amene wawerenga bwino. Umbuli wa waulesi ndi wina, umbuli wa wophunzira ndi winanso. Ndi maganizo omwewa adafika ponena kuti dziko lathu lapansi limayenda, ndipo silili pakatikati pa zolengedwa zonse, zaka zoposa 100 buku la Copernicus la mu 1543 lisanatuluke.

Adakhala kardinala mu 1448, ndi episkopi wa Brixen mu 1450. Kunena zoona, pa ubusa sadali wofewa: adakangana kwambiri ndi mfumu Sigismund ya ku Tyrol, mpaka mu 1460 mfumuyo idamgwira nimtsekera ku Bruneck. Adamwalira ku Todi, m'dziko la Italy, mu 1464.

Chuma cha banja lake adamangira nyumba ya nkhalamba zosauka 33 kwao ku Kues, poyerekeza zaka za Ambuye athu pansi pano. Nyumbayo ikusamalabe okalamba mpaka lero, ndipo mabuku ake ali momwemo. Thupi lake lidaikidwa ku Roma, koma mtima wake adautengera ku Kues, nauika m'tchalitchi cha nkhalambazo, patsogolo pa guwa.