Oilo wa m'Malole Akale

Tengani mipeni iwiri, muikhuze pamodzi mwamphamvu kwa kanthawi, ndipo mudzamva kuti yatentha. M'injini ya lole muli zitsulo zambiri zimene zikhuzana cotero kosalekeza. Cimene cizichinjiriza kuti zisapse ndi kumatirirana ndico mafuta aja tiwacha oilo. Oilo akhala m'mphika wacitsulo kunsi kwa injini. Acoka m'menemo nalowa pakati pa zitsulo, nabwerera atatenga kutentha ndi litsiro.

M'zaka za 1950 ndi 1960 m'miseu ya dziko lathu munali kuyenda malole a Bedford ocokera ku England, ndi ena a Chevrolet, mtundu wa ku America, onyamula cimanga, fodya ndi katundu wa m'masitolo. Malole amenewa sanali kumwa oilo wofanana. Lole isenza katundu wolemera tsiku lonse, ndipo injini yace itentha koposa ya galimoto laling'ono. Cifukwa cace kawirikawiri anaipatsa mphika wokulirapo, pakuti oilo wambiri sacedwa kuziziritsa zitsulo ndipo sada msanga. Nthawi zina injini za dzina limodzi zinali ndi miphika yosiyana, ndipo munthu akasintha sefa ya oilo anayenera kuonjezako, cifukwa sefa yatsopano imwa gawo lace.

Njira yofikitsira oilo ku zitsulo inalinso yosiyana. M'kati mwa injini muli citsulo cacikuru cokhotakhota cimene cizungulira, ndipo mikono ya mapisitoni igwira pa ico. M'malole a Chevrolet opangidwa cisanafike caka ca 1954, kunsi kwa mkono uliwonse kunali kasupuni. Pozungulira, kasupuniko kanali kutapa oilo m'kangalande ndi kumwaza ponseponse, monga mbalame yosamba pacithaphwi. Kuyambira 1954 analeka njira imeneyi. Pampu yokha inayamba kukankha oilo mwamphamvu m'timabowo toboola m'kati mwa citsulo cija, kufikira pamene mikono igwira. Tsono muvi woonetsa mphamvu ya oilo, umene uli patsogolo pa woyendetsa, unali kukhala pansi m'lole yakale ija ngakhale zonse ziri bwino. Muvi wa lole ya 1954 ukakhala pansi comweco pa liwiro, cinali cizindikiro ca ngozi. Woyendetsa wosadziwa kusiyana kumeneku akadatha kuopa pacabe, kapena, cimene ciri coipa koposa, kusaopa pamene injini irikufa.

Panalinso msampha wina m'mabuku a malolewo. Masiku aja kuno tinali kuyesa ndi galoni wa ku England, ndiye malita 4.55, koma galoni wa ku America ndi malita 3.79 okha. Buku la ku America likanena magaloni 2, litanthauza malita 7.6. Munthu wothira magaloni 2 a kuno akadathira malita 9.1, kupyola muyeso ndi lita imodzi ndi theka. Wina angayese kuti kucuruka kwa oilo kulibe kanthu. Iai: oilo akakwera kufikira citsulo cozungulira cija, cimpuntha mpaka asanduka thobvu, ndipo thobvu silingathe kulekanitsa zitsulo.

Cifukwa ca ici woyendetsa wanzeru sanali kukhulupira kukumbukira kwace. M'mamawa, lole itaima pamalo osapendekeka, injini isanalire, anali kusolola kacitsulo koyesera, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso. Pa kacitsuloko pali mizere iwiri, ndipo oilo ayenera kufika pakati pa iyo.

Nchito yace sinathere pamenepo. M'bokosi la magiya ndi pakati pa magudumu akumbuyo munali oilo wina wolemera ngati uci, amene sayenera kulowa m'injini. Pa mfundo za ciongolero ndi masipiring'i panali timilomo tambiri tofuna girisi. Ndipo pamwamba pa injini panali cibekete cosefera mpweya, cokhala ndi oilo pansi pace wogwira pfumbi lisanalowe. M'miseu yathu yadothi, m'nyengo ya cirimwe, oilo wa m'cibeketemo anali kusanduka matope m'masiku owerengeka, ndipo mnyamata wothandiza pa lole anali kumtaya, natsuka cibekete, nathira wina kufikira pa mzere wace.