Kodi Mumadziwa? Kaduwa ka pazenera kamafa ndi madzi

Kodi mumadziwa kuti tizomera ta masamba onenepa, monga alovera, timafa kawirikawiri chifukwa chothiriridwa kwambiri, osati ludzu? Masamba akewo ndi nkhokwe ya madzi. Mizu ikakhalitsa m'matope imaola, tsamba limachita chikasu, kufewa, kenako n'kuthothoka. Mwini wake poona choncho amati kafota, ndiye amawonjezera madzi. Apo wakamaliza.

Musanathirire, pisani chala m'dothi. Chikatuluka ndi chinyezi, dikirani.

Kodi mumadziwa kuti kuno ku Nguludi nyengo yoopsa kwa tizomerati ndi ya chiperoni? Mu June ndi July, nkhungu ikaphimba phiri la Chiradzulu, dothi la m'chitini limachedwa kuuma ndipo mbewu imakula pang'ono. Kuthirira kamodzi pa masabata atatu kapena anayi n'kokwana. Ophunzira a pa Catholic University of Malawi, yomwe idatsegulidwa mu 2006, asade nkhawa akamapita kutchuthi: kambewu kadzawadikira, bola asakasiyire mnzawo wachifundo chambiri.

Tizomerati timatsegula timabowo ta m'masamba usiku kunja kukazizira, n'kutseka masana kuti madzi asathawe. N'chifukwa chake sitikula mothamanga.

Chitini kapena chigubu chodula ndi mphika wabwino, koma chibooleni pansi ndi msomali. Dothi la kudimba palokha limagwirana. Sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje ndi tizidutswa ta njerwa yootcha.

Kodi mumadziwa kuti Malawi ali ndi mitundu yakeyake ya aloe? Aloe buchananii adaitcha dzina la John Buchanan, mzungu yemwe ankalima khofi ku Zomba. Aloe cameronii, yomwe akatswiri a ku Kew ku London adailemba m'mabuku mu 1903, masamba ake amafiira psuu ikamenyedwa ndi dzuwa m'chilimwe. Si matenda amenewo. Koma mbewu ya m'nyumba ikatalika monyozoloka n'kupendekera kuzenera, ikudandaula mdima.

Kalanchoe wa timaluwa tofiira, mtundu winanso wa tizomerati, kwawo ndi ku Madagascar, ndipo ndi poizoni kwa amphaka ndi agalu.

Mukaona toyera ngati thonje pakati pa masamba, ndi abale a kodikodi wa chinangwa. Apukuteni ndi kansalu konyika mu sipiriti. Pofuna kuchulukitsa tizomerati, mitundu yambiri imamera ndi tsamba limodzi: lithyoleni, liume pachilonda masiku angapo, kenako muligoneke padothi. Koma alovera amakana zimenezo, amafuna muzule ana ake a m'mbali.