A zanyengo akalosera mvula, tiwamve bwanji?

Caka ciliconse mvula ikayandikira, a Zambia Meteorological Department amalengeza mmene dzinja lidzakhalire. Kuno kwa Magodi uthengawo umatipeza pa wailesi, monga Radio Chikaya ya ku Lundazi, kapena kudzera mwa alangizi a zaulimi. M'mipingo mwathu timaulandira mosiyana. Ena amati a zanyengo ndi abodza, pakuti ananena za mvula koma dzuwa linaswa mtengo. Ena amaopa kuti kuneneratu za mawa n'cimodzimodzi ndi kuombeza kumene Deuteronomo 18 amaletsa. Cisokonezo cina cili pa liwu lenilenilo, pakuti timati "kulosera" ponena za mneneri, za woombeza ula, ndiponso za munthu woyeza mvula.

Atatuwa sagwira nchito imodzi. Mneneri amanena cimene Mulungu wamuuza. Woombeza amafunsira kwa mizimu. Wa zanyengo amaona zimene zikucitika lero, n'kuziyerekeza ndi zimene zinacitika kale. Makolo athu ankacita zomwezo poyang'ana kumene mphepo ikucokera, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kabalidwe ka masuku ndi mango, ndi kulira kwa mbalame zina. Mu Luka 12 Ambuye Yesu anachula anthu odziwa kuzindikira mvula poona mtambo, ndipo sanawadzudzule pa luso limenelo. Anawadzudzula cifukwa cosazindikira nthawi ya Mulungu imene anali kukhalamo.

A sayansi amasiyana ndi agogo athu pa kukula kwa dera limene amaona. Ali ndi malo oyezera mvula, kutentha ndi mphepo, monga ku Lundazi ndi ku Msekera pafupi ndi Chipata, ndipo manambala amalembedwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Ali ndi makina a m'mlengalenga ojambula mitambo. Amayezanso kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi ife. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanjayo amafunda kuposa masiku onse, ndipo zikatero mphepo zonyamula mvula zimasintha njira m'maiko ambiri. Izi ndizo El Niño. Dzinalo anapereka ndi asodzi a ku Peru, ndipo limanena za Mwana Yesu, cifukwa madzi ofundawo ankawaona nthawi ya Khirisimasi.

Kuyambira mu 1997, akatswiri a maiko a SADC amakumana mvula isanayambe pa msonkhano wa SARCOF, ndipo dziko lililonse likabwerera kwawo limakonza ulosi wake. Apa tifunika kumvetsa bwino. Amatenga mvula ya zaka 30 zapitazo n'kuigawa patatu: zaka 10 za mvula yambiri, 10 za pakati, ndi 10 za mvula yocepa. Kenaka amanena kuti caka cikubweraci cingagwere mbali iti. Akati mvula idzakhala ya pakati kapena yoceperapo, kawirikawiri amatanthauza kuti pa mipata 100, mipata 40 ndi ya mvula ya pakati, 35 ya yocepa, ndipo 25 ya yambiri. Conco mvula ikagwa yambiri caka cimeneco, iwo sananame. Mpata wa 25 uja ndiwo wacitika, monga mmene ng'ombe yoonda nthawi zina imapulumukira cilimwe pamene yonenepa yafa.

Ulosi wa dzinja lonse suuza munthu tsiku lobzala, ndiponso suonetsa bwino ngati mvula idzadula pakati. Za mvula ya tsiku lakutilakuti, a zanyengo amadalirika kwa masiku ocepa cabe, sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mu 1997/98 kunali El Niño wamphamvu, anthu anacenjezedwa za cilala coopsa, koma kum'mwera kwa Africa sicinafike pamene ankaopa. Ifenso malo athu ndi ovuta kulosera. El Niño amakonda kuumitsa kum'mwera kwa dziko lino, Zimbabwe ndi kum'mwera kwa Malawi, pomwe ku Tanzania ndi Kenya amacurukitsa mvula. Ife a ku Lundazi ndi Chasefu tili pafupi ndi malire a mbali ziwirizi, motero tizifunsa alangizi zimene zanenedwa za boma lathu, osangomva za dziko lonse.

Koma dzinja la 2023/24 tonse tikulikumbukira. El Niño analengezedwa mu Juni 2023, miyezi ingapo makasu asanalowe m'munda, ndipo cenjezo la mvula yocepa linaperekedwa. Mvula inadula kwa masabata oposa asanu, cimanga cili pa ngaiyaye. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya cilala. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, kuphatikizapo a kuno kum'mawa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cinaonongeka. Cenjezo linalipo, koma ambiri tinabzala monga mwa masiku onse.

Pa Macitidwe 11, Agabo ataneneratu za njala, Akhristu a ku Antiokeya anasonkha thandizo, aliyense monga anakhoza, n'kulitumiza ku Yudeya. Uwo unali ulosi wa Mzimu, koma kacitidwe kawo kakutiyenera ngakhale pa cenjezo la anthu. Tikamva za mvula yocepa, tisaike munda wonse pa cimanga cocedwa kuca. Mbali ina tibzale mbeu yoca msanga, ina nshawa, mpendadzuwa, mapira kapena cinangwa. Maenje obzalamo ndi mapesi ophimbira nthaka amasunga cinyezi masiku a ng'amba. Feteleza wobereketsa tithire titamva ulosi wa sabata imeneyo, pakuti wothira pa nthaka youma amangopita pacabe. Ndipo akulu a mpingo ndi a cigwirizano ca amai angakambirane mu Meyi, ogula cimanga asanafike ndi masikelo awo, kuti pa zopereka za masika matumba angati asagulitsidwe, akhale m'nkhokwe ya mpingo kufikira mwezi wa Febuluwale utapita.