Kodi mumadziwa kuti madzi a m'nyanja ali ndi okosijeni woti munthu angapume?

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 7 a okosijeni wosungunuka, yemweyo amene nsomba zimapuma. Mu 1964, Walter Robb wa kampani ya General Electric ku America anasunga kanyama konga mbewa kotchedwa hamster kali moyo pansi pa madzi, m'kabokosi kokutidwa ndi labala wopyapyala amene amalowetsa mpweya koma osalowetsa madzi.

Wina angafunse kuti nanga osambira pansi pa nyanja amaberekeranji matanki olemera. Vuto ndi kuchuluka kwake. Lita ya mpweya wa kumtunda imakhala ndi okosijeni wochuluka pafupifupi maulendo 40 kuposa lita ya madzi. Munthu atangokhala phee amafunika mamiligalamu 350 pa mphindi, kutanthauza kuti makina otapa okosijeni m'madzi ayenera kusefa malita 50 a madzi pa mphindi iliyonse popanda kutayako mpweya ngakhale pang'ono. Akayamba kusambira, madzi ofunikawo amachuluka kangapo, ndipo pampu ndi mabatire ake zimaposa thanki kulemera. Nsomba zimakwanitsa chifukwa zambiri sizitenthetsa matupi awo ngati ife, choncho zimafuna mpweya wochepa. Chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni wosungunuka m'madzi, sitima za nyukiliya zoyenda pansi pa nyanja zimachotsa mchere m'madzi ndi kuwagawa ndi magetsi kuti zipeze okosijeni. Njira yosefa madzi ija ingathandize nyumba yomangidwa pansi pa nyanja yokhala ndi magetsi okwanira, koma kachipangizo kongoluma pakamwa sikangasunge moyo wa munthu.