Chipinda chikamanamiza makutu a womikisa nyimbo

Nyimbo yatha usiku, aliyense m'situdiyo wakhutira. Besi ikugunda mokoma, mawu a woyimba akumveka bwino lomwe. Kutacha, nyimbo yomweyo aiika m'minibasi ndipo besi yameza chilichonse. Mapulodyusa ambiri amene amajambulira m'zipinda za kunyumba vutoli amalidziwa, ndipo kawirikawiri amaloza chala masipika. Koma wolakwa weniweni nthawi zambiri chimakhala chipindacho.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. M'chipinda cha njerwa chotalika mamita 4, besi ya pafupi ndi 43 Hz imagunda khoma n'kubwerera, n'kukumana ndi inzake imene ikuchoka kumene mu sipika. Pafupi ndi khoma ziwirizi zimaphatikizana, besi n'kukula. Pakati pa chipinda zimafafanizana. Wokhala pamenepo amamva besi yochepa, ndiye amaikweza, osadziwa kuti m'nyimbomo inalimo kale yokwanira.

Apa ndi pamene amalowera mapulogalamu okonza zimene khutu likumva. Kampani ya Sonarworks ya ku Riga, m'dziko la Latvia, ili ndi SoundID Reference. Genelec ya ku Finland ili ndi GLM, ndipo Trinnov ya ku France imapanga makina akeake. Kagwiridwe kake n'kofanana. Maikolofoni yoyezera imaikidwa m'malo angapo mozungulira mpando wa womikisa, masipika amatulutsa mawu oyesera, kenako kompyuta imapanga EQ yotsitsa pamene chipinda chikukweza. Ngakhale mahedifoni akhoza kuwongoledwa chimodzimodzi.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti EQ imeneyi ndi ya masipika, nyimbo siyenera kuigwira ayi. Cubase ili ndi gawo lotchedwa Control Room ndipo Reaper ili ndi Monitoring FX. Choikidwa m'menemo chimangomveka m'situdiyo, sichilowa m'fayilo yomaliza. Koma ambiri amaika pulagini pa master, ndiye akaiwala kuizimitsa potulutsa nyimbo, mankhwala a chipinda chawo amapatsira aliyense womvera. Wa pa foni, wa pa wailesi, onse amamva nyimbo yopindika chifukwa cha makoma amene sanawaonepo.

Maganizowa si achilendo. Masipika a Yamaha NS-10, amene anatuluka mu 1978 n'kusiya kupangidwa mu 2001, ankalasa m'khutu ndi mawu a pamwamba, moti omikisa ankawachepetsa mopyola, nyimbo n'kutuluka yozimirira. Womikisa Bob Clearmountain anatchuka ndi kuphimba tisipika ta mawu a pamwamba ndi pepala la tishu. Pepalalo silinkakhudza tepi. Linkangowongola zofika kukhutu lake. Mapulogalamu a lero akuchita zomwezo mwa masamu.

Komabe ine ndimada nkhawa ndikaona achinyamata akukhulupirira kuti pulogalamu ithetsa zonse. Kutsitsa besi yochuluka imatha ndithu. Kudzaza pamene besi yafafanizika siingathe, chifukwa ukakweza mawu ochoka mu sipika, obwerera kukhoma nawonso amakula, ndipo amafafanizanabe. Chotsatira n'kungotopetsa sipika. Komanso pulogalamu siichotsa kulira kwa chipinda, kuja mawu amachedwa kutha. Choyamba n'kusuntha mpando kuuchotsa pakati, kuika masipika motalikirana mofanana ndi makoma a m'mbali, ndi kuika zinthu zochindikala zoyamwa mawu, monga rockwool, m'ngodya. Mateleyi a mazira amene timawaona atamatidwa m'masitudiyo ambiri kuno kwathu besi saigwira n'komwe. Ndi opyapyala kwambiri.

Palinso nkhani ya voliyumu. Mu 1933, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anaonetsa kuti khutu limamva besi mochepa mawu akakhala otsika. Choncho womikisa amene amangokwezakweza ndi kutsitsa masipika amasintha muyeso wake mosadziwa. Bob Katz, katswiri wa mastering, amalimbikitsa kuyeza masipika kuti azimveka pa 83 dB, ngakhale m'chipinda chaching'ono ndi bwino kutsikirapo. Kachizindikiro ka choko pa nobu ya voliyumu n'kokwanira kuti mawa udzayambire pamene walekezera lero.

Ndipo pa njira ya kumasipika, monga Control Room kapena Monitoring FX, mpamene pamayenera kukhala batani la mono, loti womikisa amve mmene nyimbo idzamvekere pa kawailesi ka sipika imodzi ka pa okala.